Achemwali Anga ndi Chinangwa cha Kutsidya kwa Msewu

Achemwali anga a Vasanti anabadwa ndi diso la m'mbale ya mnzawo. Tili ana kumudzi kwathu kufupi ndi Satara, amayi akatigawira mango, iwo ankayamba ayang'ana langa asanalume lawo. Langa likachepa ankati ndiye lotsekemera. Likakula ankati amayi amandikondera chifukwa ndine mzime. Sindikuwanyoza ayi. Abambo atamwalira, amene anandilera ndi achemwaliwo, ndipo banja langa litatha, amene ananditsegulira chitseko mumzinda wa Pune ndi iwo omwewo.

Anakwatiwa ali mtsikana ndi a Shridhar Phadke, kalaliki wa ku njanji, munthu wofatsa amene ankaseka ndi mapewa okha. Sanakhale nawo zaka zambiri. Tsiku lina ali kuntchito mtima unangoima, n'kusiya achemwali ndi mwana wamwamuna, Omkar, ndi kanyumba m'kamsewu kopanikizika kuseri kwa koleji. Achibale a malemuwo ankayembekeza kuti mkazi wamasiyeyo abwerera kumudzi. Iwo anatulutsa bedi m'chipinda chakutsogolo, n'kuikamo matebulo ndi mabenchi, n'kuyamba kuphikira ana a pakoleji.

Chakudya chawo chinali chakwathu chenicheni, chopanda nyama, nsomba ngakhale dzira. Ankaumba bhakri ya ufa wa mapira ndi zikhatho n'kuiwotcha pachiwaya mpaka itatupa. Ndiwo zake zinali pithla, ufa wa tchana wotakasa ndi tsabola wobiriwira. Pambuyo pake mpunga ndi nandolo zofewa, kenako chambiko chothira madzi ndi kamchere. Pa zikondwerero ankapanga puran poli, chapati chofewa chokhala ndi tchana wotsekemera m'kati. Malamulo nawo analipo. Nsapato zinkatsala panja, ndipo wosiya chakudya m'mbale mawa lake ankagawiridwa theka. Ana onse ankawaitana kuti Kaku, monga timaitanira mkazi wa abambo aang'ono.

Ine makina anga osokera anali pazenera la chipinda cham'mbali, loyang'ana kumsewu. Zimene ndikufotokozazi ndinkaziona ndili pamenepo.

Koleji itayamba kulandira ophunzira akunja, obwera kudzakhala teremu imodzi kapena chaka, kamsewu kathu kanadzaza nkhope zachilendo: anyamata a ku Ethiopia, atsikana a ku Iran, azungu a ku Germany. Ankauzana okha kuti amene watopa ndi zakudya za m'mahotela zofanana paliponse, apite kwa Kaku akalawe za kuno ku Maharashtra. Chingerezi cha achemwali chinkathera pa "idya", "onjezera" ndi "ayi", zotsalazo ndinkamasulira ndine. Komabe chaka chilichonse ankasankhapo mmodzi kukhala wawo. Omkar anali atakwatira ku Bengaluru, ndipo foni ankaimba Lamlungu lokha. Wosankhidwayo ankakhala pampando wa pafupi ndi khitchini, bhakri ankailandira ikuchokera pachiwaya, ndipo akaonda ankakalipiridwa.

Chaka chimene ndikunenachi anasankha Litia, mtsikana wa ku Fiji, wamtali, watsitsi lalikulu, amene anabwera kudzaphunzira za ulimi wa nzimbe. Anafika mvula itangoyamba, atanyowa thupi lonse, ambulera itathyoka. Anadya pithla misozi ili chuchuchu chifukwa cha tsabola, koma dzanja silinaime. Achemwali anamuyang'ana, n'kumukankhira kapu ya chambiko.

"Uyu ndiye munthu," anandiuza. "Akulira koma akudya."

Litia ananena kuti chapati amachidziwa, poti kwawo kuli anthu akwathu ambiri amene makolo awo anawoloka nyanja kalekale.

"Muuze kuti cha kwawoko si chapati, ndi chikopa cha nsapato," anatero achemwali. "Asambe m'manja alowe kukhitchini ndimuonetse."

M'khitchini imeneyo ngakhale ine sindinkaloledwa kugwira chiwaya. Pasanathe nthawi Litia anayamba kuyankhula Chimarathi, chinenero chathu, mothyokathyoka, ndipo akamabwera ankakuwa ali kukona kwa msewu kuti "Kakuuu, njala!" Loweruka achemwali ankamukhazika pansi n'kumamudzoza mafuta m'tsitsi, uku akudandaula kuti tsitsi limeneli limwa botolo lonse.

Mvula ili pafupi kutha, shopu yakale yokonzera mawailesi kutsidya kwa msewu inapakidwa penti wobiriwira. Munalowa a Sosamma ndi amuna awo a Chacko, Akhristu a ku Kerala, kum'mwera kwa dziko lathu. Bamboyo anali atapuma ntchito ku fakitale, mayiyo anagwirapo unamwino. M'mawa umene anatsegula, fungo la nsomba yokazinga m'mafuta a kokonati linadzaza kamsewu konse. Achemwali anatseka mazenera n'kuyatsa lubani.

"Mafuta odzola m'mutu anthu awa akuthira mumphika," anatero. "Tiona ngati pali wodya."

Odya analipo. Ndipo chimene chinkawawawa achemwali kwambiri sichinali fungo. A Sosamma ankayankhula Chingerezi ngati akumwa madzi, ankaseka ndi ophunzirawo, ndipo kusekako kunkawoloka msewu n'kudzatipeza. Achemwali akamva phwete lililonse ankafunsa kuti, "Anena chiyani?" Ine ndinkati sindinamve. Iwo ankati makutu anga amangogwira ntchito pa miseche.

Tsiku lina masana mpando wa pafupi ndi khitchini unakhala wopanda munthu. Ndili pamakina ndinamuona Litia kutsidya. Anakhala moyang'ana kukhoma kuti asadziwike, koma msana umenewo ndi tsitsi limenelo sizikanabisika. Atatembenuka pang'ono ndinaona mbale yake: chinangwa chophika chofewa, chachikasu, ndi nsomba ya msuzi wofiira. Ankadya atatsinzina.

Achemwali anadzaima kumbuyo kwanga, ufa uli m'manja.

"Nalini, mwana uja wamuona?"

"Mwina ali m'kalasi, achemwali."

"Kalasi yake ndi ya penti wobiriwira?"

Madzulo Litia anabwera yekha, akuyenda ngati mwana amene waswa mbale. Anati asakwiye, kwawo chinangwa ndi nsomba ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo fungo lija litamupeza anangoona nkhope ya amayi ake. Ndinamasulira.

"Ndakwiya ine? Mimba ndi yake," anatero achemwali akupukuta tebulo loyera kale. "Ungomuuza kuti nsomba za nyengo ino zimakhala ndi mphutsi."

"Zimenezo sindimasulira, achemwali."

"Nanga mpunga wanga ukudyera chiyani?"

Nkhani ya mphutsiyo anaifalitsabe kudzera mwa ophunzira akwathu, koma palibe amene anasiya kuwoloka. Si kuti kwathu kunachepa anthu. Mabenchi ankadzazabe. Ambiri ankadya masana kwathu, madzulo kutsidya, mawa lake n'kupita kulesitilanti ya Mpunjabi wa kumsewu waukulu, ndipo achemwali analibe nazo kanthu. Koma Litia akawoloka, ndiwo za tsiku limenelo zinkapsa ndi mchere.

Kenako anachita chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Chinangwa kuno sichigulitsidwa pamsika uliwonse. Anakwera basi okha kupita kugolosale ya anthu a ku Kerala mbali ina ya tauni, atafunda nsonga ya sari kumutu kuopa kudziwika, n'kubwera ndi mizu iwiri. Anaiphika monga timaphikira mbatata pa tsiku losala, yothira nsinjiro ndi tsabola. Sanafunse munthu, choncho madzi oyamba sanataye, ndipo mtsitsi wapakati sanachotse. Chinatuluka cholimba ndi chowawirira. Litia anadya chonse, poti lamulo ankalidziwa.

"Chakoma, Kaku."

"Wanama," anatero achemwali, ndipo apa sipanafunike womasulira. "Ukamadya cha uko umatsinzina. Apa maso watong'ola ngati ukuwoloka msewu."

A Sosamma ayenera kuti anamva za mphutsi zija, chifukwa m'kamsewu kathu mawu sagona m'nyumba. Koma m'malo mobwera ndi mkangano anabwera ndi bakuli. Anavula nsapato pakhomo, n'kuyankhula Chimarathi chawo chokoka mawu.

"Achemwali, izi ndi ndiwo zamasamba zokha, za kokonati ndi chambiko. Mphika wake ndi watsopano, sunaonepo nsomba. Litia sakhala chete ndi puran poli wanu, mpaka amuna anga ayamba kundifunsa kuti ine ndinaphunzira chiyani kwa amayi anga."

"Zikomo. Ikani pamenepo," anatero achemwali osamwetulira.

Mlendoyo atatuluka anandikankhira bakuli lija. "Idya iwe, m'mimba mwako ndi mwachitsulo."

Ndinadya theka, lotsalalo n'kuvundikira. Pobwerako kokapereka zovala za kasitomala ndinapeza bakuli lili mbee.

"Mphaka," anatero ndisanafunse.

"Mphaka wake watsuka ndi sipuni yomwe?"

Anayamba kusankha miyala mu mpunga. Kenako anati, "Kokonati wachuluka." Patapita kanthawi anafunsa, osandiyang'ana, "Koma chambikocho amathira moto uli woyaka, kapena ataphula?"

Tsiku lonse sanayankhulenso. Zikanakhala zosakoma akanaimba nyimbo. Poti kwathu bakuli la mnzako subweza lopanda kanthu, mawa lake anapanga puran poli wopyapyala kuposa aliyense amene ndinamuonapo, n'kundituma kukapereka. Iwo anaima kuseri kwa katani kuti aone nkhope ya a Chacko akamaluma.

Nyengo yozizira itafika, amayi ake a Litia, a Makereta, anabwera kudzaona mwana wawo. Litia analonjeza kuti chakudya choyamba akadyera kwa Kaku, ndipo achemwali anamufunsa kawiri kuti atsimikize kuti wati choyamba. Anaphika kuyambira m'bandakucha, anavala sari yawo ya silika, anatulutsa mbale zamkuwa zimene zinali za apongozi awo. Koma mayiyo anafika m'mimba mutasokonezeka ndi ulendo. Anakhala pansi mwaulemu, analuma kamodzi, kawiri, kenako anadzuka n'kuthamangira panja kukasanza m'ngalande.

Amene anafika msanga ndi a Sosamma. Anawagwira pamphumi monga anamwino amachitira, anawatsukitsa m'kamwa, n'kuwatenga kukawagoneka pabedi lawo. Anawaphikira phala la mpunga lamadzimadzi lothira mchere wokha. Masiku onse amene anakhala ku Pune, a Makereta ankadyera kutsidya. Zinapezeka kuti onse awiri ndi anthu a tchalitchi, ndipo madzulo tinkawamva akuimba nyimbo imodzi, aliyense m'chinenero chake. Achemwali ankakweza wailesi.

Tsiku lonyamuka a Makereta anakumbatira a Sosamma nthawi yaitali pakati pa msewu, n'kuwapatsa mkeka woluka bwino. Anabweranso kwathu, anagwira achemwali dzanja ndi manja awiri, anathokoza kwambiri chifukwa chosamalira mwana wawo, n'kuwapatsa nsalu yamaluwa. Inali nsalu yabwino, ine wosoka ndikudziwa.

"Mkeka uja analuka okha ndi manja," anatero achemwali galimoto itapita. "Iyi ndi yogula pabwalo la ndege."

Mawa lake Litia anapeza pampando wake patakhala Tobias, mnyamata wa ku Germany amene ankadya chilichonse osadziwa kusiyana kwake. Achemwali anamulozera benchi la pakhomo.

"Khalani apo, madamu. Mudya chiyani, madamu?"

Anamupatsa chakudya chokwana, osamuchepetsera kanthu, koma bhakri inali ya pamulu, yozizira. Zinapitirira choncho masiku angapo. Loweruka botolo la mafuta silinatsike pashelefu. Pomaliza mtsikanayo anabwera pamakina panga, anakhala pamulu wa nsalu n'kuyamba kulira.

"Anti Nalini, ndalakwa chiyani? Amayi anadwala, si ine ndinawadwalitsa. Ndisiye kudya nsomba? Ndisiya."

Ndinawapeza achemwali kukhitchini akusefa ufa.

"Achemwali, mwanayu walakwa chiyani? Wadya chakudya basi."

"Ndamulanda mbale?"

"Mwamulanda mpando."

Anapitiriza kusefa, ufa ukugwera pambali pa beseni.

"Anafika pano atanyowa ngati mwanapiye, osadziwa munthu aliyense. Anamuumitsa tsitsi ndani? Atadwala chifuwa, ankamuwiritsira mkaka ndi jinja ndani? Tsopano mayi ake akafika kwawo akauza anthu kuti ku Pune kuli mayi wabwino dzina lake Sosamma. Ine akandikumbuka kuti uja wa chakudya chosanzitsa."

"Palibe anganene choncho."

"Naye Omkar akabwera amangoti apongozi ake amaphika bwino. Pakamwa pomwepo pamene ndinkadyetsa ine ndi chala." Anaika sefa pansi. "Ndimaphika, Nalini. Chinanso chimene ndimadziwa n'chiyani? Sinditha kuseka nawo m'Chingerezi. Sinditha kugwira munthu pamphumi n'kudziwa matenda ake. Ndili ndi chiwaya chokha, ndiye wina abwere ndi nsomba imodzi."

Chiyambire maliro a amuna awo ndinali ndisanawaonepo akulira. Anapukuta maso ndi nsonga ya sari, n'kundiuza kuti ndichoke ndikuwatchingira kuwala.

Sanapepese. Achemwali sanapepesepo munthu. Koma mawa lake Tobias anauzidwa kuti miyendo yake ikutseka njira ya kukhitchini, asamukire kubenchi. Litia anakhala pamalo pake, bhakri inabwera ikufuka nthunzi, ndipo anakalipiridwa kuti waonda. Kutsidya ankapitabe kawiri kapena katatu pa sabata. Akabwerako achemwali ankamununkhiza n'kumutumiza kukasamba m'manja ndi sopo.

Maphunziro ake anatha kutentha kutayamba. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsanzika atanyamula kale phukusi la kutsidya.

"Uko akupatsa chiyani?"

"Nthochi zokazinga ndi tsabola wakuda, Kaku."

Achemwali ananyamula phukusilo m'dzanja limodzi, lawo la puran poli m'dzanja lina, n'kumayesa kulemera kwake. Kenako analowa kukhitchini kukawonjezera. Litia ankaseka uku akulira.

"Uyambe kudya zanga," anamulangiza. "Zawozo sizionongeka, ndi zouma ngati thabwa."

Zaka zinapita, ophunzira ankabwera ndi kupita, ndipo achemwali ankasankhabe wawo, ngakhale palibe amene anamulowetsanso kukhitchini. Ndi a Sosamma ankapatsana moni wa mutu, ndipo bakuli lija linkawoloka msewu uku ndi uku, lililonse likufuna kuposa linzake.

A Chacko atamwalira, achemwali anatseka malo awo odyera osauzidwa ndi munthu. Anaphikira anamfedwa ndi alendo onse ochokera ku Kerala masiku onse a maliro, mawondo akuwapweteka, ndipo anakhala pamkeka pambali pa a Sosamma atawagwira dzanja. Umasiye ankaudziwa. Koma foni ya a Sosamma sinkapuma. Ankaimba ophunzira akale, wina ku Addis Ababa, wina ku Tehran, wina ku Suva, kwawo kwa Litia. Foni ikalira, ndinkaona achemwali akutchera khutu kuti amve woimbayo.

Pobwerera kunyumba anati, "Waimba Litia. Za ine sanafunse."

"Achemwali, ndinalipo. Anapempha kuti akupatsireni foni, inu munati m'manja muli ufa."

"Munalidi ufa." Anavula nsapato pakhomo. "Akanafuna akanaimba payanga."

Litia anaimbadi madzulo omwewo, ndipo anacheza mpaka foni inatentha. Atamaliza achemwali anandifunsa ngati ndikudziwa kuti kutsidya anacheza nthawi yaitali bwanji.

Pano mawondo anawagonjetsa. Amaphika masana okha, ndipo bhakri amaumba atakhala pampando. A Sosamma amabwera dzuwa likapendeka ndi tiyi wawo m'fulasiki, chifukwa amati wa achemwali ndi shuga yekhayekha, ndipo awiriwo amakhala pakhonde n'kumatsutsana za mitengo ya anyezi ndi za ana a masiku ano amene amangoitanitsa chakudya pafoni.

Litia anakwatiwa kwawo. Atabereka mwana woyamba, wamkazi, anatitumizira chithunzi pafoni yanga. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita galasi ndi chala, n'kunena kuti tsitsi ndi la mayi ake. Kenako anafunsa dzina. Ndinazengereza.

"Susana."

Tonse tinali pakhonde tikumwa tiyi. A Sosamma anayang'ana m'kapu mwawo. Aliyense m'kamsewu kathu amadziwa kuti dzina lawo la m'tchalitchi ndi Susan.

"Akuti ndi dzina la agogo ake, achemwali. Mayi a bambo ake."

"Agogowo ayamba liti kukhala Susana?"

Sabata imeneyo a Sosamma anamwa tiyi wawo okha. Koma achemwali anatulutsa sari yawo ina yabwino, yobiriwira, n'kundiuza kuti ndisokere mwanayo kadiresi, ndipo ndisaumire nsalu.

Chaka chatha Litia anatiuza kuti ali ndi pakati penanso, ndipo kuchipatala amuuza kuti ndi wamwamuna. Achemwali anandiuza kuti ndimulembere uthenga, ngati nkhani yongocheza, kuti kwathu kuno Vasant, lofanana ndi lawo lija, ndi dzina la mwamuna, ndipo ndi losavuta kutchula. Ndinalemba. Litia anayankha ndi zithunzi za mitima ndi nkhope zoseka. Mwanayo atabadwa anamutcha Josefa, dzina la bambo a mwamuna wake.

Ndinawauza achemwali ndili chapatali. Anangogwedeza mutu, n'kufunsa ngati amuna a Sosamma analinso ndi dzina lina la m'tchalitchi. Nditawatsimikizira kuti a Chacko anali Yakobo, anapumira m'mwamba, anati anthu a ku Fiji sadziwa kusankha mayina, n'kundituma kukagula tchana.